Mutu 4: Belo Lopanda Chiguduli

1. Lole yapeza dizilo

Uthenga unafika Lachisanu masana, Tithokoze atangobwera kuchokera kusukulu. Anapeza bambo ake, a Lemani, ataima pakhomo pa chigafa, foni ili kukhutu, akungoti, "Eya, eya. Mawa? Mawa lomweli?"

Atadula foni anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Thoko, lole yapeza dizilo. Dalaivala wagona pamzere masiku anayi kuboma, lero ndiye wathira. Mawa teni koloko akhala ali pamsewu. Akuti wochedwa asadandaule, chifukwa sakudziwa kuti adzathiranso liti."

Alimi khumi a kalabu ya Tiyesenawo, kuno kwa Chulu, anali atadikira lole imeneyi masabata atatu kuti iwatengere fodya ku okushoni. Mabelo anali atadindidwa kalekale, ali phee m'nyumba, eni ake maso ali kumsewu. A Lemani anali ndi mabelo asanu ndi limodzi okonzeka. Koma panali fodya wa belo lachisanu ndi chiwiri, ndipo ameneyo ndiye ankamusowetsa mtendere Tithokoze.

Fodyayo anali wake. Chaka chimenecho bambo ake anamudulira kachigawo ka munda cha kudambo, nati, "Fodya wa apa ndiye fomu folo yako. Fizi, mayeso, mabuku, zonse zichokera apa." Ndipo anamusamaladi. Ankathirira nazale asanapite kusukulu, anawokera, anapalira, anathyola, anasoka, mpaka zala zinada bii ndi utomoni. Tsopano fodyayo anali atasankhidwa bwinobwino, ali mulu pamphasa, wofiirira mokoma. Chosowa chinali chimodzi chokha: chiguduli chokutira belo.

Ziguduli zimene kalabu inapeza chaka chimenecho zinali zochepa. Pogawana, a Lemani zinangowakwanira mabelo asanu ndi limodzi.

"Abambo, nanga langa lija?"

"Lako lidikire ulendo wachiwiri."

"Ulendo wachiwiri wake uti? Mwanena nokha kuti dalaivala sakudziwa."

A Lemani anayang'ana kumbali.

Tithokoze anali mwana womvera, tisamunamizire. Koma kumuuza kuti adikire kunali ngati kumukhazika pambaula. Ankadziwa kuti msika ukamapita kumapeto mitengo imagwa, ndipo ankadziwanso kuti kamvula kowaza ka mu Juni kakayamba, fodya wongokhala pamulu amachita chuku. Anaponya mabuku pakhonde, nakwera njinga yunifolomu ili m'thupi.

2. M'sitolo ya a Simeon

Pa malo ochitira malonda panali sitolo imodzi ya zipangizo za ulimi, ya a Simeon. Mkuluyu anagwira ntchito ya ukalaliki pachipata cha dziko zaka zambiri asanapume, ndipo anali ndi vuto lake: ukawafunsa mtengo wa khasu, ankayamba kukufotokozera kumene chitsulo chimachokera.

"Ziguduli?" anatero a Simeon. "Ndiwe wachisanu ndi chitatu lero. Kulibe, mwanawe. Ngakhale chong'ambika."

"Koma Ankolo, chiguduli ndi saka chabe. Dziko lonseli lingasowe saka?"

"Khala pansi ndikuuze."

"Ndathamanga, Ankolo."

"Ndiye imirira choncho, koma umve. Chiguduli sichimera kwa Chulu kuno. Chimachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo eni ake kwacha sayidziwa, amafuna madola. Amene amandiodetsa ine ku Lilongwe makwacha ali nawo, koma akapita kubanki kuti asinthe amauzidwa kuti abwere sabata yamawa. Sabata yamawayo yatha miyezi itatu.

"Madola dziko limawapeza pogulitsa zinthu kunja: fodya wanuyu, tiyi, shuga, soya. Amatuluka tikamagula zinthu kunja: mafuta, feteleza, mankhwala, magalimoto, ngakhale zotokosera m'mano. Pachipata paja ndinkaona ndi maso angawa. Lole imodzi ikutuluka ndi katundu wathu, zitatu zikulowa ndi katundu wa eni. Ndiye ukuganiza kuti madolawo angakwane?"

Tithokoze anayang'ana dzuwa. Phazi limodzi linali kale pa pedulo.

"Nanga boma osangoletsa anthu ogula zinthu zachabewo?"

"Ehe! Pamenepo ndiye pagona nkhani. Wogula wamkulu ndi boma lomwelo. Boma likamagwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene latolera pamisonkho, zotsalazo limakongola. Likakongola silibisa kunsi kwa pilo. Limagula mafuta a magalimoto ake, feteleza wa makuponi, zitsulo zomangira milatho, ndipo zonsezo n'zakunja. Zina limalipira antchito ake ndi makontirakitala. Iwowo akalandira amagula chiyani? Foni, njinga yamoto, nsapato. Zakunjanso. Ndiye kuperewera kwa m'thumba la boma ndi kuperewera kwa pachipata kumayendera limodzi. Kukakula uku, uko kukulanso.

"Usandimve molakwa. Mankhwala ndi ofunika, feteleza ndi wofunika. Ineyo kuponi ndinalandira, ndipo ndinavina pakhomo pano anthu akuona. Koma dola imene inagula thumba la feteleza lija singagulenso chiguduli chako. Dola imagula kamodzi basi."

Anali mawu anzeru, oti mwana wa fomu fili akanakhoza nawo mayeso. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa mawu onsewo Tithokoze anatolapo chinthu chimodzi chokha: thumba la feteleza. Kunyumba analipo awiri, oyera mbee, amene amayi ake anachapa asanapite ku Lisasadzi kukadwazika matenda.

"Zikomo, Ankolo," anatero, napalasa a Simeon asanamalize kutsokomola.

3. Chenjezo la mayi tcheya

Pobwerera anadzera kwa mayi Malita, wapampando wa kalabu. Anawapeza atagwada, akulimbitsa msoko wa belo lawo lina, singano yaikulu ili m'manja, thwaini ali kukamwa.

"Amayi, simunatsaleko ndi chiguduli, ngakhale theka?"

"Ndikanakhala nacho bwenzi nditakutumizira kale. Fodya wako ndinamuona, ndi wabwino kuposa wa bambo ako. Usakawauze."

Tithokoze anaseka pang'ono, kenaka anayamba kukanda tayala la njinga ndi chala.

"Nanga thumba la feteleza, munthu atalichapa bwinobwino..."

Mayi Malita analavula thwaini uja naimirira.

"Usadzayerekeze. Ukundimva? Thumba limenelo ndi pulasitiki wolukidwa. Ukalidula limayamba kuyoyoka ulusi. Jeke yodindira belo ikapanikiza, ulusiwo umalowa pakati pa masamba, ndipo sungautolenso wonse ngakhale utakhala tsiku lathunthu.

"Amene amagula fodya wathu amakamugulitsa kunja. Kumeneko akapeza kaulusi kamodzi sanena kuti ndi fodya wa mwana wa a Lemani. Amanena kuti fodya wa ku Malawi ndi wauve, ndipo chaka chinacho amakagula kwina. N'chifukwa chake ku okushoni nkhani ya pulasitiki sasekerera.

"Ndipo kumbuka kuti ife tonse khumi timagulitsa pa nambala imodzi ya kalabu. Belo limodzi likapezeka ndi pulasitiki, amaika pambali mabelo athu tonse. Lamulo la kalabu ukulidziwa, bambo ako ndiwo anayamba kulikwezera dzanja: wochita zimenezo timamuchotsa. Munthu wopanda nambala amagulitsa fodya wake kwa mavenda, pamtengo wongomubera."

"Ndimangofunsa, Amayi."

"Ndikudziwa. Onse amene ndinawaona akuchita anayamba ndi kungofunsa. Pita, ukathandize bambo ako kukonzekera za mawa."

Tithokoze anapita. M'njira anaima kawiri, kuganiza zopita kumudzi wina kukafunsa, koma dzuwa linali litapendeka ndipo ankadziwa yankho lake.

4. Jeke

Loweruka m'mamawa ngolo inafika. Inali yoti singanyamule mabelo onse nthawi imodzi, choncho a Lemani ndi mwini ngolo anakweza anayi.

"Tibwerera awiriwa," anatero a Lemani. "Usachoke pakhomo."

Kumsewu kunali kotalikirako. Kupita ndi kubwera, ng'ombe zinkatenga maola awiri.

Tithokoze anasesa pabwalo. Anatsuka mbale. Analowa m'chigafa, natuluka, nalowanso. Pamtanda panali patapachikidwa chiguduli cha chaka chatha, chimene a Lemani anachikana chifukwa makoswe anachidya malo atatu ndipo chinali chitafumbwa. Pakona panali jeke ya kalabu ndi bokosi lake lodindira, pakuti a Lemani ndiwo anali omaliza kudinda. Pafupi pomwepo panali mulu wa fodya uja, ukununkhira.

Anachitsitsa chiguduli chija nachiyala pansi. Chokha sichikanapirira jeke. Koma chitakhala ndi china cholimba m'kati mwake?

"Ku okushoni amatsegula pamwamba," anadziuza. "Pansi ndi m'mbali adzaona ndani?"

Anatenga matumba awiri aja nawang'amba ndi mpeni. Ulusi unayambadi kuyoyoka, monga mmene ananenera mayi Malita. Apa ndiye nzeru za kusukulu zinamupweteka. Anathamangira kukhitchini, natenga chikuni chamoto, nawaula m'mphepete monse mpaka ulusi unasungunuka n'kugwirana. Anakoka, sunayoyoke. Anamwetulira yekha ngati wapambana akuluakulu onse a kwa Chulu.

Anayala chiguduli m'bokosi, nayala matumba pamwamba pake, pansi ndi m'mbali. Kenaka anayamba kusanja fodya, mtolo pamwamba pa mtolo, mofulumira koma mwaluso. Thukuta linali kamukamu. Ataika thabwa anayamba kupukusa jeke.

Jeke inatsika. Fodya analira, bokosi linalira. Anapukusanso ndi mphamvu zake zonse.

Pamenepo anamva kuti phwee, kunsi kwa bokosi.

Anaima, manja ali pachitsulo. Kulira kumeneko ankakudziwa. Thumba linali lang'ambika pakati, pamalo poti moto sunafike. Nthawi inalipo yoti amasule jeke, atulutse fodya, atole ulusi uliwonse, n'kudikira ulendo wachiwiri monga ananenera bambo ake. Mtima unkamuuza zomwezo.

Kutali, cha kudambo, kunamveka mwini ngolo akukalipira ng'ombe.

Tithokoze analuma mano napukusa jeke mpaka pansi.

Anasoka ngati wopenga, koma msoko wake unali womwe uja wa masiku onse, waung'onoung'ono ndi wolunjika. Pamene panali mabowo a makoswe anaphimba ndi tizidutswa ta ziguduli totsala pa mabelo ena. Ngolo imalowa pabwalo, belo linali litaima, lofiirira mbali zonse ngati anzake. Zotsala za matumba anazikankhira kuseri kwa bokosi.

A Lemani anatsika pangolo kukamwa kuli yasa.

"Ichi chachokera kuti?"

"A Simeon anandipatsa chakale, dzulo lija. Ndimafuna ndikudzidzimutseni."

Bodzalo linatuluka mosavuta moti iye mwini anachita nalo mantha.

A Lemani analizungulira belo lija, nalimenya ndi chikhatho, naseka mokweza. "Mwamuona mwana wanga? Wadinda yekha! Amuna angati kuno angathe zimenezi?" Anatenga kachitini ka penti nalemba pambali, monga ankachitira ndi mabelo awo onse: LEMANI 7. Atamaliza anati, "Ukawathokoze a Simeon. Anthu otere ndi osowa."

Tithokoze anangogwedeza mutu. Kuyamikiridwa kumeneko kunamuwawa kuposa ndodo.

5. Masiku anayi

Lole inafika itachedwa ndi ola limodzi, dalaivala ali ndi maso ofiira. Sanazimitse injini n'komwe, ankangokuwa kuti anthu afulumire. Mabelo makumi anayi ndi atatu anakwezedwa mwa chipwirikiti. Mayi Malita anakwera kutsogolo kuti akaimire kalabu ku okushoni. Fumbi litakwera, amayi ena anayamba kululuta.

Tithokoze ankayembekeza kuti lole ikachoka mtima ukhala pansi. Sunakhale.

Lamulungu kutchalitchi ankaimirira ena atakhala. Lolemba m'kalasi anakopera notsi za jogalafe m'kope la masamu. Foni ya bambo ake ikalira, iye ankataya chilichonse chimene chinali m'manja. Popita kusukulu anasiya kudzera pa sitolo ya a Simeon, ankazungulira njira ya kuchigayo, yotalika kawiri.

A Lemani ankaganiza kuti mwana akungolakalaka kumva mtengo wa belo lake.

"Ugone, Thoko," ankatero. "Fodya uja ngakhale wogula wouma mtima amukonda."

Lachiwiri, popita kukatenga nkhuni kuseri kwa chigafa, anaona kachidutswa koyera ka thumba katakodwa paudzu, kowauka mbali imodzi. Anakatola msanga nakaika m'thumba la yunifolomu.

6. Ulusi woyera

Lachitatu masana mayi Malita anatulukira pa njinga ya kabaza, zovala zili fumbi lokhalokha. Sanapite kwawo. Anatsikira pakhomo pa a Lemani, ndipo atapatsidwa mpando anakana.

Tithokoze anali pakhonde, mabuku ali pamiyendo. Anatseka buku.

Mayi Malita anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, natulutsa tiulusi toyera, natiika m'dzanja la a Lemani.

"Izi zatuluka mu LEMANI 7. Ku okushoni anasolola fodya cha m'mbali, ulusi n'kubwera nawo. Atatembenuza belo anapeza thumba lathunthu."

A Lemani anayang'ana m'dzanja mwawo nthawi yaitali.

"Mabelo awagwira onse, mayi tcheya?"

"Onse makumi anayi ndi atatu. Awaika pakona. Akuti tiwatenge, tidzamasule limodzilimodzi, tisankhenso, tidindenso. Lole yoti iwabweze ilibe dizilo, ili pamzere. Ziguduli zina azing'amba pofufuza, ndipo inu mukudziwa kuti kulibe kogula. Anzathu a Mphepo amadikira ndalama imeneyi kuti akatulutse mwana kuchipatala cha mishoni. Ndikawauza chiyani?"

Nkhuku inadutsa pakati pawo ikutola zakezake.

"Mawa m'mawa kalabu ikumana kutchalitchi," anapitiriza mayi Malita. "Lamulo mukulidziwa. Koma ndisanapite ndifunse: chiguduli chimenechi munachitenga kuti?"

A Lemani anatembenuka pang'onopang'ono nayang'ana mwana wawo. Sanakalipe. Tithokoze akanakonda akanakalipa.

"Chinali changa chakale," anatero a Lemani. "Ndinaika matumba ndine. Ndinasoka ndine."

"A Lemani, ndakhala ndikuona msoko wanu zaka khumi ndi ziwiri. Mumasoka motalikitsa ngati mukumanga mpanda. Msoko uja si wanu."

"Dzina lolembedwa pabelo ndi la yani?"

"Ndi lanu."

"Ndiye mlandu ndi wanga. Mwanayu ali ndi sukulu, asayende m'mudzi muno anthu akumuloza chala."

Mayi Malita anapumira m'mwamba. Anayang'ana Tithokoze kamodzi kokha, ndipo m'maso mwawo munalibe ukali, munali kutopa.

"Mukanene choncho mawa pamaso pa anthu. Mukatero nambala mwataya, pamodzi ndi mabelo anu asanu ndi limodzi osalakwa aja. Ganizani bwino."

Atachoka, a Lemani analowa m'chigafa. Tithokoze anawamva akusuntha bokosi. Anatuluka atanyamula zotsala za matumba zija, napita nazo kukhitchini, naziponya pamoto. Fungo la pulasitiki linadzaza bwalo lonse. Anaima pomwepo mpaka zonse zinasungunuka, kenaka anabwera pakhonde. Munthu amene Loweruka ankaseka mokweza uja anaoneka wokalamba.

"Abambo, ine..."

"Ndadziwa kale. Dzina la a Simeon lisatulukenso pakamwa pako, sanalakwe kanthu. Mawa upite kusukulu. Kumsonkhano ndipita ndine."

"Koma akuchotsani."

"Ndati upite kusukulu."

"Chabwino, Abambo," anayankha, misozi ikugwera pachikuto cha buku.

A Lemani anatenga khasu nalowera kudimba, ngakhale kunalibe chokalima. Tithokoze anawayang'ana mpaka anabisika. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la yunifolomu. Kachidutswa koyera kaja kanali momwemo, kowauka mbali imodzi ndi chikuni chimene anagwira yekha. Moto wa kukhitchini unali usanazime, ndipo panali masitepe khumi okha kuti akafikepo.

Anakapinda kawiri nakabwezera m'thumba. Msonkhano unali wa seveni koloko, nthawi yomwe belu la kusukulu limalira. Anadziwa kale kuti mawa belulo lidzalira iye ali kutchalitchi.